Zala za a Finyani

Abwana aakulu a bungwe lathu, abwana oyang'anira galaja, anamwino amene mwaba kanthawi kuti mukhale nafe, madalaivala, amakaniko anzanga, a kusitolo ya zipangizo, a pageti, ndipo mwapadera alamu anga, mayi a kunyumba kwa mnzathuyu, pamodzi ndi ana, akamwini ndi adzukulu, landirani moni wanga. Mwaswera bwanji nonse? Amene mwakhala kumbuyoko pa matayala, musadandaule, mundimva. Ine ndine wowotcherera zitsulo pagalaja pano. Makutu anga anatha ndi phokoso la galainda, ndiye ndimalankhula ngati tonse tili ndi vuto limodzi.

Adzukulu, musanamizidwe ndi ukhondo mukuuonawu. Agogo anu sankagwira ntchito pamalo oyera chonchi. Tasesa kuyambira m'mawa. Pamene pali keke apo, dzulo panali giyabokosi, ndipo nsalu yoyera ili patebulopo ikubisa zambiri.

Andisankha kuti ndilankhule chifukwa ine ndi bambowa tinalowa ntchito chaka chimodzi, tonse tsitsi lili bii, mimba kulibe. Dzina lawo lenileni lili m'mapepala a ku ofesi. Pagalaja pano, ngakhale galu wa pageti amawadziwa kuti ndi a Finyani.

Ndiyambe ndi cholemera, kuti tikamaseka tizidziwa kuti tikuseka pamaso pa munthu amene mtima suli m'malo. A Finyani sanafune kubwera lero. Alamu achita kuwaveka jekete ngati mwana wokana sukulu. Ambiri mukudziwa kuti akupuma ntchito chifukwa zala zawo zinachita dzanzi, ndipo zala zimenezo ndi zomwe ankayezera mapaipi a madzi otentha m'ambulansi zathu zonse. Koma chowasowetsa tulo si kupumako ayi. Akuopa kuti m'miyezi imene zala zinkafa pang'onopang'ono iwo osadziwa, mwina anavomereza paipi yowola, ndipo panopa ikuyenda pamsewu, wodwala ali kumbuyo. Alamu andilola kuti ndinene zimenezi poyera. Yankho la nkhawa imeneyi ndili nalo, a Finyani, ndipo sindikhala pansi ndisanalipereke. Koma mundilole ndidzere kutali, chifukwa pali alendo pano amene akudabwa kuti kapaipi ka labala kangalande bwanji munthu wamkulu tulo.

Zili chonchi. Injini ikamagwira ntchito imatentha, ndipo chimaiziziritsa ndi madzi. Ena mwa madzi otenthawo amapatuka, n'kudzera m'paipi ya labala yonenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi, kukalowa mu hita imene ili kuseri kwa dashibodi. Akafunditsa m'galimoto amabwerera ndi paipi ina. Basi. Mapaipi awiri, ina yopita, ina yobwera. Palibe amawasirira. Ali kuseri kwa injini, poti dzanja limalowa koma diso silifika. Koma imodzi ikangophulika, madzi onse a mu injini amathera pamsewu, singano ya kutentha imakwera, galimoto imaima. Ikakhala lole ya mchenga, mukhala pamthunzi n'kudikira. Ikakhala ambulansi, anamwino mukudziwa inu zimene zimachitika kumbuyo kuja.

Tsono musaganize kuti bambowa anabadwa ndi nzeru m'zala. Ndinalipo ine. Tili anyamata, anawatuma kuti asinthe paipi ya hita m'galimoto ya abwana a nthawi imeneyo, munthu woti akatsokomola ku ofesi, kuno masipanala ankagwa okha. Paipi inali itakakamira pa kachitsulo kotuluka mu hita. Mnyamata mphamvu anali nazo, nzeru zinali zikubwera m'mbuyo wapansi. Anagwira paipi ndi manja awiri, phazi n'kuponda bampala, n'kukoka. Inatuluka ndithu. Inatuluka pamodzi ndi kachitsulo kake, iwo n'kukakhala m'beseni la oyilo wakuda.

Anabwera kwa ine akudontha kumbuyo, kachitsulo kali m'manja. Amvekere, "Achimwene, kodi aka sikangawotchereredwe mwakachetechete?" Ndinati, "Mnzanga, ine ndimawotcherera zitsulo, osati khungu la anyezi." Kanali kopyapyala zedi. Panalibe kuchitira mwina. Dashibodi yonse inatsika, chiwongolero pansi, mawaya ali balala. Hita yatsopano inalowa, zonse zinabwerera m'malo, mnyamata n'kupumira m'mwamba. Koma anaiwala chinthu chimodzi, kutulutsa mpweya umene umatsekeredwa m'mapaipi ukathira madzi atsopano.

Mawa lake abwana ananyamula alendo olemekezeka m'galimoto ija. Atangoyenda pang'ono, kuseri kwa dashibodi kunayamba kulira. Kulukulu, kulukulu. Mlendo anayang'ana pawindo mwaulemu, akuganiza kuti ndi m'mimba mwa abwana. Abwana nawo ankaganiza kuti ndi m'mimba mwa mlendo. Mapeto ake abwana anaimitsa galimoto pagolosale n'kugulira aliyense buledi, ati mwina alendo anadzuka osadya. Buledi anadyedwa, kulira kuja osasiya. Anatiuza ndi dalaivala wawo, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka, ndipo a Finyani anatha mwezi akuyenda mozembera khoma.

Ife tinaseka n'kuiwala. Iwo sanaiwale. Kuyambira pamenepo sindinawaonenso akukoka paipi. Anagula kampeni kakang'ono, ndipo kakhala m'thumba la ovolosi yawo mpaka kanatha mbali imodzi ndi kunola.

Ine ntchito yanga ndi yothetheka. Ndikayatsa moto galaja yonse imawala, anthu amaphimba maso, aliyense amadziwa kuti pali munthu akugwira ntchito. Koma kambirimbiri ndazimitsa makina anga, chophimba kumaso n'kukweza, kungoima kuwaonerera bambowa akusintha paipi. Choyamba, sankakhudza injini yotentha. Kaya ulire, kaya uwaitanire abwana. Ankaika chikhatho pa boneti, akamva kufunda ankapita kukamwa tiyi. Ikazizira ankatchera beseni pansi, chifukwa madzi obiriwira a mu injini amatsekemera, ndipo galu kapena mwana akanyambita ndi maliro. Dontho silinkagwa pansi. Kenako ankamasula kilampu, chomangira paipi chija, n'kutenga kampeni, kucheka paipi yakale m'litali, kuisenda ngati nthochi, kachitsulo ka hita osadziwa n'komwe kuti pachitika kanthu. Dzimbiri ankapukuta ndi kansalu. Paipi yatsopano ankaidutsitsa momwe munadutsa yakale, kuti isakhule pachitsulo kapena kugona pamalo otentha. Kilampu yatsopano, osati yotola pansi. Akathira madzi ankatsegula hita mpaka kumapeto, injini n'kuliza, iwo n'kuima pomwepo kudikira thovu lomaliza. Kenako ankagwira mapaipi onse awiri, dzanja ili yopita, dzanja ili yobwera, maso otseka, mpaka onse afunde. Mawa lake m'mawa, asanavule n'komwe jekete, ankagwada kusuzumira pansi pa galimoto ngati pali dontho. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine nkhono sindinaionepo maso, koma munthu wodekha ndamuona.

Ana, ndikudziwa kuti kudekha kumeneku munakulipira inu. Masiku ambiri bambo anu ankafika chakudya chitazizira, inu mutatopa n'kuyang'ana kumsewu. Mwina munkaganiza kuti ali kocheza ndi anzawo. Ayi. Anali pano, atakhala pa chitini cha penti, akudikira injini izizire kuti ambulansi idzatuluke m'mawa ili bwino.

Za dzina lija sindikufunika kufotokoza kwambiri. Aliyense amene anapatsidwapo moni ndi bambowa akudziwa. Sagwira dzanja ngati anthu ena. Amalifinya pafupi ndi pamfundo, n'kukhala kaye chete, ngati akufuna kukuuza kuti watsala ndi miyezi ingati. Alamu anasiya kalekale kupita nawo kumsika, chifukwa ogulitsa tomato ankawaona patali n'kuvundikira katundu. A kusitolo ya zipangizo, inunso muli ndi mabala anu. Paipi yatsopano, ya m'pepala lake, bambowa ankaifinya, kuipinda, kuinunkhiza, n'kukubwezerani, ati yakalamba pa shelefu. Munkang'ung'udza, koma munkapita kukatenga ina.

Akamwini, ndakuonani, mwabisala kuseri kwa mzati uko. Ndinene? Ndinena. Tsiku loyamba kudzaonekera kwa apongozi, munabwereka galimoto kwa mnzanu, mwaitsuka, mwaithira ndi zonunkhira. Bambowa anatuluka, moni wapakamwa chabe, amvekere, "Tatsegulani boneti." Mnyamata thukuta kamukamu mu suti. Bambowa anadikira kuti injini izizire, tiyi naye akuzizira m'nyumba. Atafinya anati, "Mwana wanga sakwera umu." Paipi inasinthidwa tsiku lomwelo, mkamwini atagwira beseni, ndipo za ukwati zinakambidwa manja atasambidwa.

Pali njira yachidule imene makaniko aliyense amaidziwa. Hita ikavuta, umangochotsa mapaipi onse awiri n'kuwalumikiza okhaokha, madzi azizungulira osalowa mu hita. Galimoto imayenda bwinobwino, kungoti mkati simufundanso. M'magalaja ambiri zimachitika, eni galimoto n'kuthokoza. Pano zinaletsedwa, ndipo inaletsa ndi nkhope ya a Finyani. Tsiku lina makaniko wina anawafunsa kuti, "Akulu, kunja kukutentha chonchi, hita ndi ya chiyani?" Sanakalipe. Anamugwira pamkono, kumulowetsa kumbuyo kwa ambulansi, n'kumugoneka pa machira. Amvekere, "Pamene wagonapo pamagona mayi amene wataya magazi. Amanjenjemera ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Pambali pake pali khanda lobadwa masiku asanakwane, lolemera ngati paketi ya shuga. Kunja mvula yayamba, galasi lakutsogolo lachita nkhungu, dalaivala akupukuta ndi mkono. Tsopano undifunsenso funso lija." Munthu uja anadzuka pa machira osafunsanso. Ali pano. Sindimuloza, koma wavala malaya abuluu.

Ndipo hita yosadulidwayo tsiku lina inatibwezera. Ambulansi yathu ina inali pachitunda masana, wodwala kumbuyo, fani yoziziritsa injini n'kufa. Singano inayamba kukwera. Dalaivala anaimba foni kuno. Ine ndinali pafupi, ndinamva yankho lonse la a Finyani. "Usaime. Tsegula hita mpaka kumapeto, mphepo yake yonse, mawindo akutsogolo tsitsa, uziyenda pang'onopang'ono. Hita ikuba moto wa injini." Singano inatsika pang'ono, n'kuima. Dalaivala anafika kuchipatala atanyowa ngati wagwa m'chitsime, koma anafika. Tonse amene tinamva foni ija tinangoyang'anana, a Finyani n'kubwerera ku tiyi wawo.

Koma amene analimbana nawo kwambiri ndi Mayi Liwiro, dalaivala wa ambulansi yathu yakale ija ya chitseko cholira. Mayi, gwedezani mutu alendo akuoneni. Mayi awa sadziwa kuyenda, amangodziwa kufika. Atangobwera kumene, ambulansi yawo inalowa kudzasintha oyilo basi. A Finyani podutsa analowetsa dzanja kuseri kwa injini, n'kuima. Amvekere, "Iyi situluka." Mayi Liwiro anasuzumira ndi tochi. Paipi yakuda bwino, yosalala, yopanda mng'alu, yosadontha. Anakalipa mpaka mbalame zinathawa padenga. "Bambo inu, paipi yabwinobwino iyi. Mukufuna odwala ndikawabereke kumsana?" A Finyani anangowapatsa kiyi wa galimoto ina.

Pobwerako anapeza paipi ija ili pabenchi, a Finyani akuwadikira ndi kampeni. Anaicheka pamaso pawo. Ine ndinali pomwepo, ndipo zimene ndinaona sindinaziiwale. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kunja ngati yatsopano, mkati ming'alu yokhayokha, labala atafewa ngati buledi wogwera mu tiyi, ulusi wake ukuonekera. Pafupi ndi kilampu panatsala kakhungu koti chikhadabo chikanaboola. Paipi imeneyo ikanaphulika pachitunda choyamba. Ndipo munthu anaidziwa ndi zala ziwiri, mumdima wa kuseri kwa injini, akungodutsa. Mayi Liwiro anaitenga paipi ija n'kuitembenuza m'manja. Kenako anati, "Mwadziwa bwanji?" A Finyani anati, "Bweretsani dzanja."

Ndi mmene inayambira sukulu ya pansi pa benchi. Pansi pa benchipo a Finyani anali ndi katoni ya mapaipi akale, ena ouma gwa, ena otupa ndi oyilo, ena owola mkati, ena abwino. Aliyense wolowa ntchito pano, kaya ndi makaniko kaya ndi dalaivala, ankamutseketsa maso n'kumamupatsa imodziimodzi. "Usafinye pakati, pakati pamanama. Finya kumapeto, pafupi ndi kilampu, ndi pamene imayambira kufa. Yabwino imakukana, imabwerera. Ikamira, kapena ukamva timizere mkati, yatha." Poyamba tinkaona ngati masewera. Kenako anthu anayamba kubwera okha. Ine anandiyesa kamodzi. Zala zanga zopsa ndi motozi sizinasiyanitse kanthu, ndipo anandiuza mwaulemu wonse kuti ndizingogwira tochi.

Tsono mvetserani. Ndayesa kukumbukira ambulansi yathu imene inaima panjira chifukwa cha paipi ya madzi otentha, zaka zonse zimene bambowa akhala pano. Ndafunsa ndi madalaivala akale omwe. Matayala aphulika, mabatire afa, magiya akana kulowa. Koma paipi, palibe akukumbukira. Ntchito yotere ndi yovuta kuiyamika, chifukwa palibe chochitika choti uloze. Kunja kuno kuli anthu akuyenda, akukwatira, akukangana ndi anansi awo, osadziwa kuti tsiku lina anadutsa pamsewu atakomoka, ndipo anafika chifukwa bambo wina anakana kutulutsa galimoto. Iwo sawadziwa a Finyani, a Finyani nawo sawadziwa. Ndikaganiza zimenezi ndimachita mantha, mantha aulemu.

Tifike pa chaka chino. M'mawa wina tinaima pafupi ndi ambulansi imene injini yake inali ikulira, tikucheza. A Finyani anatsamiritsa dzanja pachitsulo chotulutsa utsi. Ndinamva fungo ndisanaone. Ndinawakoka mkono, zala ziwiri zitatuwa, matuza ayamba. Iwo anaziyang'ana ngati ndi za munthu wina. Sanamve kanthu. Kuchipatala anawauza kuti ndi mitsempha, ndipo sizinayambe tsiku limenelo, zimabwera mozemba.

Wina akanabisa. Ndani akanadziwa? Akanapitiriza kulowetsa dzanja kuseri kwa injini n'kugwedeza mutu, tonse n'kukhulupirira, chifukwa mawu awo pano anali lamulo. Koma bandeji isanachoke anakagogoda ku ofesi. Abwana ali apa, anditsutse ngati ndikunama. Anati, "Bwana, zala zanga zayamba kunama. Musazikhulupirirenso." Ine ndaona anthu olimba, ndaona onyamula giyabokosi pachifuwa, koma izi sindinazionepo. Munthu kukadzichotsa yekha pa chinthu chimene aliyense amamulemekezera, popanda womukakamiza.

Patapita milungu ingapo alamu anabwera kuno, n'kundipeza ndikuwotcherera chitseko. Anati, "Alamu, anzanu sakudya. Ambulansi ikadutsa pamsewu ikulira, amasiya supuni, n'kukaima pawindo, kumvetsera mpaka kulirako kuthere kutali. Akuti akufuna atsimikize kuti siinaime. Sakudziwa kuti zala zinayamba liti kunama, ndiye galimoto iliyonse imene anaigwira chaka chathachi ikuwayendera m'mutu."

Tinakhala pansi tonse, abwana n'kuvomera. Tinagwirizana kuti galimoto iliyonse ya bungwe lino ikabwera kuulendo izizizira kaye, ndipo paipi iliyonse ifinyidwe ndi anthu awiri, makaniko ndi dalaivala wake. Eni nkhawa osawauza. Ambulansi sizipuma, ndiye zinatenga nthawi, ina lero, ina mkucha. Ine ndinagwira tochi, monga mwa udindo wanga. Galimoto zinkadutsa imodziimodzi, zonse zili bwino. Ndinayamba kukonzekera mawu okoma odzanena lero, akuti tafufuza ndipo sitinapeze kanthu.

Yomaliza inali ya Mayi Liwiro, yakale ija. Makaniko anafinya mapaipi aatali onse awiri, ali bwino. Tinkati titseke boneti. Mayi Liwiro anati, "Dikirani, kwatsala kachigongono kaja." Kameneko ndi kapaipi kakafupi kopindika, kuseri kwenikweni, poti dzanja limalowa cham'mbali mpaka phewa kugunda injini. Anavula wotchi, n'kulowetsa mkono wonse, tsaya lili pachitsulo chozizira. Anatseka maso. Mayi woti sadikira ngakhale tiyi kuti azizire anakhala pamenepo duu. Kenako anati, "Aka kafa."

Tinakachotsa n'kukacheka. Kanali kowola, a Finyani. Ndipo galimoto imeneyo munaigwira inuyo, miyezi ingapo yapitayo.

Pamenepo panabuka mkangano. Ena anati tikataye, tidzawauze kuti zonse zinali bwino, munthu apite kwawo mtima uli m'malo. Ena anakana. Tinapita kwa alamu kuti atiweruze, iwo n'kutiseka. Anati, "Ndakhala ndi bambo amenewa kuyambira ndili mtsikana. Mukawauza kuti simunapeze kanthu, angoti simunafinye bwino, nkhawa n'kuwonjezeka. Amadziwa kuti labala amawola. Auzeni zoona."

Ndiye zoona ndi zimenezi, mnzanga. Mantha anu sanali opanda pake. Kanalipo, kamodzi. Ndi aka apa, landirani. Musavutike n'kukafinya, takacheka kale, maso anu aone okha. M'malo mwake muli katsopano, koikidwa monga mwa mwambo wanu, popanda kudumpha kanthu. Mawa lake tinagwada kusuzumira pansi, pouma. Ambulansi imeneyo yapita kale maulendo angapo n'kubwerako. Kena kowola kulibe. Tafufuza galimoto zonse, ndipo ndikunena pamaso pa abwana, pa akazi anu ndi pa adzukulu anu.

Koma chimene ndikufuna mumvetse si chakuti kapezeka chabe. Ndikufuna muone kuti anakapeza ndani. Anakapeza ndi dalaivala, poti ngakhale tochi yanga siinkafika, ndi chala chimene munachiphunzitsa inuyo. Mwakhala mukulira zala ziwiri. Tadikirani muone. Aliyense m'galaja muno amene anaphunzira kufinya paipi kwa a Finyani, imikani dzanja. Imikani ndithu, musachite manyazi. Amakaniko onse awo. Madalaivala, ndi opuma kale omwe. Anamwino awo. A pageti, amene njinga yawo ilibe ngakhale injini. Abwana, kani nanunso? Zimenezi sindinkazidziwa.

A Finyani, tembenukani muone. Musafulumire. Alamu, apatseni mpango. Ine ndakhala nanu kuyambira tili anyamata, ndakusekani kuposa wina aliyense pano, koma lero ndikuyang'ana manja amenewa ndipo sindikuseka. Paipi idzawolanso, lero kapena chaka chamawa, chifukwa ndi labala. Koma ikadzawola, pali anthu onsewa oti adzaipeza isanaphulike, ndipo anawasiya pano ndinu.

Zikomo, mnzanga, chifukwa cha zaka zonsezi. Zikomo m'malo mwa madalaivala amene ankanyamuka osaopa, ndi m'malo mwa odwala amene sadzakudziwani. Alamu, zikomo potibwereka bambowa. Tikukubwezerani atatha penti pang'ono, koma injini ikadali yabwino.

Pitani mukapume. Mukagone mpaka dzuwa likupezeni pabedi. Adzukulu akukwereni pamsana, mankhwala muzimwa osachita kukunyengererani, ndipo chilichonse chochokera pamoto muziyamba mwafunsa alamu musanagwire. Lolemba musadzuke n'kuvala ovolosi. Mukatisowa mubwere ngati mlendo, tidzakupukutirani mpando. Za galimoto mutisiyire, zili m'manja mwaonawa.

Tsopano manja mwaimikawo musangowatsitsa chabe. Tiyeni tonse tiimirire. Tiwaombere m'manja a Finyani ndi manja amene anawaphunzitsa okha, ndipo tisasiye mpaka zikhatho zifunde.